Tchaja yaikulu siiwotcha foni, koma chingwe chenjerani nacho

Sabata siitha popanda wina kufika pabenchi langa lokonzera mafoni ndi funso ili: "Achimwene, ndikatchaja foni ndi tchaja ya laputopu ya 65W, siipsa?" Siipsa, bola tchajayo ikhale ya USB-C yotsatira dongosolo la USB Power Delivery, lomwe amangolilemba kuti PD.

Tchaja ya PD siikankha magetsi mwachisawawa. Mukangolumikiza, imayamba ndi mavoti 5 (5V) basi. Kenako imakambirana ndi foni kudzera pa kawaya ka mkati mwa chingwe kotchedwa CC. Tchaja imatchula zomwe ili nazo, monga 5V, 9V, 15V ndi 20V, foni n'kusankhapo chomwe ingakwanitse, ndipo mphamvu imakwera pokhapokha zikagwirizana. Musanatule foni patebulo, zokambiranazo zimakhala zitatha kale. Choncho 65W ija, kutanthauza mawati 65, ndi malire a mphamvu ya tchaja, foni imangotapapo zoikwanira.

Malamulowa amakonza ndi USB-IF, bungwe loyang'anira za USB. USB 2.0 inkapereka 2.5W yokha, mu 2012 PD inafikitsa malire pa 100W, ndipo mu 2021 PD 3.1 inawakweza kufika pa 240W, pa 48V.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chingwe, chifukwa ndi chomwe anthu amagula osachiyang'ana n'komwe. Chingwe wamba cha USB-C chimaloledwa kunyamula ma-ampu 3, kutanthauza 60W pa 20V. Kuti chinyamule ma-ampu 5 (5A), chiyenera kukhala ndi kachipu m'mutu mwake, ka e-marker, kamene kamauza tchaja kuti waya wake ndi wokwanira. Kachipuko kakasowa, tchaja ya 100W imadziletsa pa 60W, mwini laputopu n'kumada batire pachabe.

Tsiku lina mayi wina anabwera akudandaula kuti magetsi akabwera kwa maola awiri, foni yake siifika ndi theka lomwe. Ndinadula chingwe chake iye akuona. Mkati munali timawaya towerengeka, topyapyala ngati tsitsi, pulasitiki yokhayokha yonenepa. Waya wotere amataya mphamvu m'njira n'kuisandutsa kutentha, n'chifukwa chake mutu wake unkatentha ukaugwira. Titasintha chingwe, tchaja yomweyo inayamba kudzaza foni bwinobwino. Ndinamva chisoni, poti anali atasunga kale ndalama ya batire yatsopano. Ndipo zingwe zina zimawononga ndithu: mu 2016 Benson Leung, injiniya wa Google yemwe ankayesa zingwe za USB-C, anawonongekeredwa laputopu yake ya Chromebook Pixel ndi chingwe chomwe mawaya ake analumikizidwa mopotoka.

Palinso makampani omwe ali ndi njira zawozawo, monga VOOC ya Oppo, yomwe imafuna tchaja ndi chingwe chakechake kuti ithamange. Mafoni ambiri a Samsung amafuna PPS, mbali ya PD yolola foni kusintha mphamvu yomwe ikupempha m'timagawo ting'onoting'ono, kuti afike pa 25W. Ku European Union, kuyambira pa 28 Disembala 2024, foni yatsopano iyenera kukhala ya USB-C, ndipo ngati imatchaja kupitirira 15W iyenera kumva PD.

Pogula, tembenuzani tchaja muwerenge timalemba tam'munsi. Mukaona 5V yokha, dziwani kuti nthawi zambiri siithamanga ngakhale pabokosi alembe zotani. Pachingwe cha laputopu yaikulu, funani pomwe palembedwa 5A, 100W kapena 240W.