Gwanda Chakuamba ndi gawo 65: phungu akasintha chipani, mpando ndi wa ndani?

Funso lomwe ife ogwira ntchito zamalamulo timafunsidwa kawirikawiri kuno kuchigwa cha Shire ndi lakuti: phungu yemwe tinamuvotera atavala makaka a chipani china, lero wavala ena, kodi tingamuchotse? Yankho lake silikoma, koma kuti limveke bwino tiyambe ndi munthu yemwe aliyense kuno amamudziwa, malemu Gwanda Chakuamba, Mbuya wa ku Nsanje.

A Chakuamba anali nduna komanso mkulu wa a Payoniya m'nthawi ya Kamuzu Banda. Mu 1980 anamangidwa, kenako n'kugamulidwa zaka 22 pa mlandu woukira boma. Anatuluka mu 1993, nalowa UDF kwa kanthawi kochepa, n'kubwerera ku MCP, chipani chomwe chinawatsekera m'ndende zaka 13. Chaka chomwecho, Kamuzu atapita kukachitidwa opaleshoni ku Johannesburg, iwo ndiwo anatsogolera bungwe la anthu atatu lomwe linagwirizira dziko, pamodzi ndi John Tembo ndi Robson Chirwa. Tangoganizani, miyezi yochepa chabe kuchokera pamene ankadya mgaiwa wa m'ndende.

Mu 1999 anapikisana ndi Bakili Muluzi atagwirizana ndi AFORD ya Chakufwa Chihana, ndipo anapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse. Mkangano wawo ndi a Tembo utafika posauzana, anachoka ku MCP n'kuyambitsa Republican Party, yomwe inatsogolera gulu la zipani lotchedwa Mgwirizano pa chisankho cha 2004. Anathera pa nambala yachitatu, anakana zotsatira, koma pasanapite nthawi anali atagwirizana ndi boma la Bingu wa Mutharika. Mu 2005 anakhala nduna ya zaulimi, ndipo chaka chomwecho anachotsedwa nkhani ya galimoto ya BMW yomwe unduna wawo unagula itavuta. Patangopita masiku anamangidwa powaganizira kuti ananyoza mtsogoleri wa dziko pamsonkhano. Kenako kunabwera New Republican Party. Anamwalira mu 2016.

Ambiri amangoti kumeneku n'kuyendayenda m'zipani basi. Ine ndimaona kuti a Chakuamba ankadziwa chomwe anali nacho m'manja: mavoti a Nsanje ndi Chikwawa ankatsata iwo, osati mbendera. Dera lomwe njanji yake inaduka pa Chiromo mu 1997, lomwe anthu ake opita ku Makhanga amakweza njinga ndi matumba a chimanga m'bwato pa Mtayamoyo, silifunsa kwambiri za mfundo za chipani. Limafunsa kuti ndani akatiyankhulire ku Lilongwe. Sidik Mia wa ku Chikwawa anayendanso njira yofananayo, kudutsa mu DPP ndi PP mpaka kukaima limodzi ndi Lazarus Chakwera wa MCP mu 2019. Kaya dera linapindula chiyani ndi malonda amenewa, weruzani nokha mukamayenda pa msewu wa Thabwa kupita ku Fatima nthawi ya dzinja.

Nanga malamulo amati chiyani? Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko lino limati sipikala alengeze kuti mpando ulibe munthu ngati phungu yemwe anasankhidwa ali membala wa chipani chomwe chili m'Nyumba ya Malamulo wachoka mwa kufuna kwake m'chipanicho, kapena walowa chipani china chomwe chilinso m'Nyumbamo. Zikatero kumachitika chisankho chapadera, ndipo phungu uja ali ndi ufulu woimanso. Lamuloli silimuletsa kusintha maganizo. Likungoti abwerere kwa eni mavoti akawafunse.

Koma mipata ilipo, ndipo andale amaidziwa bwino. Phungu yemwe anapambana ataima payekha akhoza kulowa chipani chilichonse osataya mpando, n'chifukwa chake chisankho chikangotha mumamva oima paokha akuthamangira ku boma. Phungu yemwe wachotsedwa ndi chipani chake sanachoke mwa kufuna kwake. Wina sanena poyera kuti wachoka, amangoti "ndikugwira ntchito ndi boma pofuna chitukuko cha dera langa," n'kusamutsa mpando wake m'Nyumbamo. Ndipo gawoli silikhudza mtsogoleri wa dziko. Bingu anachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP popanda lamulo lomuletsa, aphungu ambirimbiri n'kumutsatira, ena mwa iwo ochokera mu Republican Party ya a Chakuamba.

Apa m'pamene gawo 65 linayesedwa zenizeni. Bingu anakapempha makhoti kuti aunike ngati gawoli silikuphwanya ufulu wolowa gulu lomwe munthu akufuna. Mu 2007 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti gawoli ndi lovomerezeka. Otsutsa boma anaumirira kuti sipikala Louis Chimango achotse aphungu aja bajeti isanakambidwe, aphunguwo anathamangira ku khoti kukatenga ziletso, ndipo bajeti inachedwa miyezi mu 2007, n'kuchedwanso mu 2008. Chisankho cha 2009 chinafika aphunguwo adakali pamipando yawo. Chiletso ndi chida chabwino choteteza munthu mlandu usanamveke, ndipo ife maloya timadyera pomwepo, koma pa nkhani ya mpando wa zaka zisanu, kuchedwetsa mlandu n'chimodzimodzi kuupambana.

Dziwaninso kuti amene amakadandaula kwa sipikala nthawi zambiri ndi chipani chomwe chathawidwa. Gawo 65 limateteza chipani kuposa inu ovota. Gawo lomwe linkapereka mphamvu m'manja mwanu linali la 64, lomwe linkalola anthu a m'dera kusaina chikalata choti phungu wawo achotsedwe nthawi yake isanathe. Linalowa m'malamulo a 1994, ndipo aphungu eni ake analichotsa mu 1995, lisanagwire ntchito ngakhale kamodzi. Mabungwe ndi mipingo akhala akupempha kuti libwerere, koma oti alibwezeretse ndi aphungu omwewo.

Choncho ngati phungu wanu wa ku Bangula kapena ku Ngabu wasintha makaka, mungathe kukakamiza chipani chomwe anaimira kuti chilembere sipikala. Ngati anaima payekha, palibe khomo lomwe mungagogode kufikira chisankho china.