Si Afalansa amene anayambitsa vinyo wa ku Cape

Ukafika ku Franschhoek, chigwa chozunguliridwa ndi mapiri kum'mawa kwa Cape Town ku South Africa, n'kuona minda ya mpesa ya maina ngati La Motte, umangoti basi, vinyo wa kuno anabwera ndi Afalansa. Anthu akhala akunena choncho kwa zaka zambiri, koma mbiri ikukana.

Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, nthawi ya ulamuliro wa Mdatchi Jan van Riebeeck. Simon van der Stel, Mdatchi wina amene analamulira Cape pambuyo pake, anakhazikitsa tawuni ya Stellenbosch mu 1679, ndipo mu 1685 anatsegula munda wa Constantia kuseri kwa Table Mountain, kumene kamphepo kayaziyazi kochokera kunyanja ku False Bay kamachititsa mphesa kupsa pang'onopang'ono. Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, otchedwa Huguenots, anayamba kufika mu 1688, ndipo anali pafupifupi 200 okha. Ena mwa iwo ulimi wa mpesa ankaudziwadi, koma anapeza ntchito itayamba kale.

Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti nkhani ya Afalansayi imaphimba anthu amene anakhetsadi thukuta. Ambiri mwa amene ankalima m'malo otsetserekawo, kudulira mipesa, kuthyola mphesa ndi kuziponda ndi mapazi anali akapolo ogwidwa ku Madagascar, Mozambique, India ndi Indonesia, pamodzi ndi Akhoikhoi, eni nthaka a ku Cape, amene analandidwa malo awo odyetserako ziweto. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834, komabe akapolowo anawakakamiza kupitiriza kugwirira ntchito eni minda omwewo mpaka 1838.