Tsatanetsatane wa nkhani si mfundo yaikulu

Ndikamachonga ntchito ya ana a Fomu 4 pa phunziro la Nkhani za Mchezo ndi Zolembedwa, vuto limakhala lomwelomweli. Funso likuti fotokozani mfundo yaikulu, mwana n'kuyamba kundikambira nkhani yonse, kuchokera pachiyambi mpaka pamathero. Ana inu, nkhaniyo ndinaiwerenga kale. Mwalembazo ndi tsatanetsatane.

Tengani nthano ya Kalulu ndi chitsime. Kuli chilala, nyama zikukumba chitsime, Kalulu akukana. Usiku akubwera ndi uchi, kunyengerera alonda, kuwamanga n'kutunga madzi, mpaka Fulu amugwira. Zonsezi ndi zochitika chabe. Mfundo yaikulu imabwera mukadzifunsa kuti nthanoyi ikutiuza chiyani za moyo: ulesi wofuna kudya thukuta la ena, dyera lomwe linagwetsa alonda amphamvu, komanso nzeru za wonyozeka. Mukatchula dyera, perekani umboni wa mlonda amene analola kumangidwa chifukwa cha uchi. Malikisi ali pamenepo. Za ampangankhani (anthu kapena nyama za m'nkhani) ndi malo ochitikira nkhani sinditayapo nthawi, munaphunzira ku Fomu 1.

Pali mtsikana wina amene sindimuiwala. Buku ankalidziwa kuposa anzake onse, ankatha kukuuza amene analankhula mawu aliwonse. Pa mayeso oyeserera anadzaza masamba atatu, zilembo zokongola, osaphonya chochitika ngakhale chimodzi, koma funso sanalikhudze. Nditamubwezera pepala analira, nati, "Aphunzitsi, nanga ndalakwa pati?" Kunali kutatsala milungu iwiri kuti alembe MSCE. Chizolowezi cha zaka zinayi sichisintha pa milungu iwiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti vutoli linaonekera mochedwa chonchi.

Makolo, chenjerani ndi timabuku ta manotsi togulitsidwa m'misewu ndi zidule zoyenda pa WhatsApp. Tambiri sitidziwika anatilemba ndani. Ndinaonapo kena kosokoneza mlembi ndi wofotokoza nkhani, kunena kuti poti nkhani ikuti "ine", ndiye kuti zinamuchitikira mlembiyo. Mwana aloweza zimenezo n'kukazilemba pa mayeso a MANEB molimba mtima. Choipitsitsa ndi aja amalonjeza kuti akudziwa mafunso amene abwere, mumangotaya ndalama.

Buku lenileni mwana aligwire akangolowa Fomu 3, aliwerenge kawiri kapena katatu, ndipo pakutha pa mutu uliwonse alembe chiganizo chimodzi chokha chonena zomwe mutuwo ukuphunzitsa. Chiganizocho apite nacho kwa aphunzitsi ake sabata yomweyo kuti amukonze nthawi ikadalipo.