Musanagule buku, dziwani mayeso amene mwana adzalembe

Makolo ambiri a ku Malawi amene ali kuno ku Joni akaganiza zophunzitsa mwana pakhomo, amayambira kusitolo ya mabuku. Amabwerako atanyamula buku la masamu la ku England, la Chingerezi la kuno, ndi lina la sayansi lomwe achibale atumiza pa basi kuchokera ku Blantyre. Lililonse ndi labwino palokha, koma atatuwo sakulozera ku mayeso amodzi. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti mwanayu akadzafika zaka 17 kapena 18 adzalemba mayeso ati, ndipo adzawalembera dziko liti. Yankho la funso limeneli ndi limene limasankha silabasi, kenako silabasiyo n'kusankha mabuku.

Lamulo nalo lili ndi mbali yake. Gawo 51 la South African Schools Act ya 1996 limafuna kuti mwana wophunzira pakhomo alembetsedwe ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo, kwa ife kuno ndi Gauteng Department of Education. Lamulo la BELA, losintha malamulo a maphunziro, lomwe linasainidwa mu 2024, linachititsa kuti Giredi R, kalasi ya mwana asanalowe Giredi 1, ikhale yokakamiza, ndipo limanena kuti zimene mukuphunzitsa zisachepere pa silabasi ya boma. Limafunanso kuti katswiri woyenerera amuyese mwana pomaliza Giredi 3, 6 ndi 9. Chenjeraninso ndi timasukulu ta m'magalaja tomwe timasonkhanitsa ana a mabanja khumi n'kumati ndi maphunziro a pakhomo. Ngati timasukuluto sitinalembetsedwe ngati sukulu, malipoti ake sagwira ntchito kulikonse. Ndipo ngati chakuchititsani kuganiza zonsezi n'chakuti mwana alibe mapepala, dziwani kuti khoti linagamula mu 2019 kuti sukulu ya boma isabweze mwana pa chifukwa chimenecho.

Njira imene imayenera mabanja ambiri okhazikika kuno ndi CAPS, silabasi ya boma la South Africa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mwana angathe kulowa sukulu wamba chaka chilichonse zinthu zikasintha pakhomo, monga mayi akapeza ntchito yogonera konko. Kuyambira Giredi 1 mpaka 3 maphunziro ndi anayi: chilankhulo choyamba, chilankhulo chachiwiri, masamu ndi Life Skills. Giredi 4 mpaka 6 amakwana asanu ndi limodzi, Giredi 7 mpaka 9 asanu ndi anayi. Kusukulu mwana wa Giredi 1 amaphunzira maola 23 pa sabata, asanu ndi awiri mwa maolawa ali a masamu. Pakhomo, mwana mmodzi ndi mphunzitsi wake, maola awiri kapena atatu m'mawa amakwanira pa msinkhu umenewu, bola kuwerenga ndi masamu zisadumphidwe tsiku ndi limodzi lomwe.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa Giredi 10. Matric, mayeso omaliza a Giredi 12, salembedwa mongotulukira ngati munthu wopita kukayezetsa maso. M'maphunziro ambiri magawo 25 pa 100 a malikisi omaliza amachokera ku ntchito ya m'kati mwa chaka, ndipo ntchitoyo iyenera kudutsa kwa wopereka maphunziro amene analembetsa ku bungwe la mayeso, SACAI kapena IEB, onse awiri oyang'aniridwa ndi Umalusi, bungwe la boma loona za mulingo wa mayeso. Amafunanso malipoti a Giredi 10 ndi 11. Mwana amene waphunzira yekha mpaka zaka 17, ngakhale akhale wanzeru chotani, angathe kuuzidwa kuti abwerere ku Giredi 10. Musanalipire aliyense, mufunseni bungwe limene analembetsako, kenako tsimikizani dzina lake ku bungwelo.

Nkhani ya chilankhulo imatikhudza ife kuposa eni dziko. Matric imafuna maphunziro asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa iwo ndi zilankhulo zovomerezeka za South Africa. Chichewa mulibemo. Choncho pambali pa Chingerezi mwana amatenga isiZulu, Afrikaans, Sesotho kapena china. Ambiri amasankha Afrikaans chifukwa mabuku ake ndi ambiri, koma mwana amene amasewera ndi anzake olankhula isiZulu ku Yeoville kapena ku Diepsloot ali kale ndi theka la phunzirolo m'kamwa, ndipo kapangidwe ka mawu ake sikatalikirana ndi ka Chichewa. Chilichonse chimene mungasankhe, chiyambeni ku Giredi 1. Kuyamba chilankhulo chachilendo ku Giredi 9 ndi kumusenzetsa mwana mtolo wosayenera. Pali chilolezo choti mwana amene wayamba kuphunzira kuno ali Giredi 7 kapena kupitirira alembe chilankhulo chimodzi chokha, koma chimachita kupemphedwa ndi umboni, sichibwera chokha.

Njira yachiwiri ndi Cambridge, ya mayeso a IGCSE, AS ndi A Level, omwe amalembedwa kawiri pachaka, May ndi June kapena October ndi November. Imayenera banja lomwe silikudziwa ngati lidzakhale kuno, kubwerera kumudzi kapena kupita kwina, chifukwa satifiketi yake imadziwika m'maiko ambiri. Palibe amene amafuna malipoti a chaka ndi chaka, mwana amangolembetsa pa malo ovomerezeka olembera mayeso. Koma ndalama yake imalipidwa pa phunziro lililonse, ndipo si yochepa. Phunziro lililonse lili ndi nambala yake, monga 0580 ya masamu a IGCSE, ndipo silabasi imasinthidwa pakapita zaka zingapo, choncho buku lakale logulidwa motchipa pa Facebook lingathe kukhala la silabasi yomwe inatha. Onani zaka zolembedwa pachikuto. Pa sayansi ya IGCSE pali pepala lolowa m'malo mwa mayeso a mu labotale, koma pa AS mwana amayenera kugwira zipangizo zenizeni, ndipo si malo onse ali nazo. Wofuna yunivesite ya kuno afunika chilolezo cha Matriculation Board ya Universities South Africa, yomwe ili ndi magulu a maphunziro oyenera kukwaniritsidwa. Werengani malamulo akewo musanasankhe maphunziro, osati zotsatira zitatuluka.

Nanga amene akudziwa kuti abwerera kumudzi zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi? Atsate silabasi ya ku Malawi, ya Malawi Institute of Education ku Domasi, chifukwa mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 amalembedwa kwathu. Kumbukirani kuti pulayimale ya kwathu ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene ya kuno ndi zisanu ndi ziwiri, komanso kuti chaka cha sukulu kwathu chimayamba mu September pamene kuno ndi January. Ngati mwalembetsa ku Gauteng, mudzayenerabe kuonetsa kuti zimene mwana akuphunzira sizikuchepera pa CAPS. Chichewa cholemba ndicho chimawagwetsa ana obwerera: amalankhula bwinobwino, koma sanalembepo chimangirizo.

Tsono za mabuku enieniwo. Zambiri zofunika pa CAPS n'zaulere pa intaneti ya Department of Basic Education: zikalata za silabasi, ndondomeko ya zophunzitsa teremu iliyonse, mapepala a mayeso akale, ndi mabuku a ntchito otchedwa Rainbow a Giredi R mpaka 9. Tsamba la pa intaneti la Siyavula lili ndi mabuku aulere a masamu ndi sayansi a makalasi akuluakulu. Ndalama yanu ipite pa buku limodzi la wophunzira pa phunziro lililonse pamodzi ndi buku la mphunzitsi lake. Makolo amakonda kusiya la mphunzitsi poti n'lodula, pamene ndi lomwe lili ndi mayankho ndi njira yofotokozera. Mabuku atatu a masamu a makampani osiyana amangosokoneza, chifukwa lililonse limasanja mitu mwanjira yake. Kwa ana aang'ono musavutike kugula zowerengetsera: zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi timitengo ta machesi tomanga m'mitolo ya khumi khumi zimaphunzitsa makumi ndi mazana kuposa chithunzi cha m'buku. Nthano za Chichewa zilipo zaulere pa African Storybook, ndipo mwana amene wadziwa ma, me, mi, mo, mu m'chilankhulo chake savutika kumvetsa kuti zilembo zimaimira mamvekedwe akafika pa Chingerezi.

Musagule potengera zaka za mwana. Mupatseni ntchito ya teremu yomaliza ya giredi yapitayo, muone. Akalephera theka la masamu, yambirani pamenepo ngakhale Chingerezi chake chili patsogolo. Pakhomo n'zotheka kukhala Giredi 5 pa phunziro lina ndi Giredi 4 pa lina. Gulani za teremu imodzi kaye. Ndipo kuyambira tsiku loyamba sungani fayilo ya ntchito zake zolembedwa deti, mayeso ochongedwa ndi kaundula wa masiku amene waphunzira, chifukwa woyesa wa Giredi 3 kapena mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mudzapemphe malo adzayamba wafunsa fayilo imeneyo.