Orchid, duwa lokhala pamtengo koma osauyamwa

Munthu akandibweretsera orchid yofota, funso langa loyamba limakhala lakuti, mwaibzala m'chiyani? Ambiri amayankha kuti m'dothi, ndipo vuto limagona pamenepo.

Banja la maluwa amenewa ndi lalikulu zedi, mitundu pafupifupi 28,000, yopezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Ina imamera pansi, koma yochuluka ya m'madera otentha imakhala m'mwamba, itakakamira nthambi za mitengo. Siiyamwa mtengowo ayi, imangobwereka malo kuti ipeze kuwala. Tauyang'anitsitsani muzu wake: ndi wonenepa, wotuwa, wokutidwa ndi khungu longa siponji. Mukaudonthezera madzi umabiriwira pomwepo. Khungulo limamwa mvula ndi mame msangamsanga, kenako mphepo n'kuliumitsa. Muzu wotere mukaukwirira m'dothi lonyowa umabanika n'kuwola. N'chifukwa chake mtundu wa Phalaenopsis, umene ambiri amasunga m'nyumba, timaubzala m'zidutswa za makungwa.

Njere zake zimaoneka ngati fumbi, ndipo chipatso chimodzi chimatha kukhala ndi njere zikwi mazanamazana. Vuto lake, njerezi zilibe kamba. Ya nyemba imamera ndi chakudya chimene yanyamula, koma ya orchid imadikira kuti ulusi wa bowa wina wake uilowe n'kuidyetsa. Ikapanda kukumana ndi bowayo, yapita. Nazo zifukwa zimene timaletsera anthu kuzula maluwawa m'tchire, popeza kuti abwererenso pamalopo si chinthu chapafupi.

Duwa lenilenilo ndiye kathyali. Tsamba lake limodzi limasiyana ndi anzake, timalitcha mlomo, ndipo m'pamene kachilombo kamatera. Mungu wake suuluka, umakhala woumbika m'timibulu tomata tomwe timakanirira pathupi pa kachilomboko. Mtundu wa Ophrys wa ku Ulaya supereka n'kadontho komwe ka timadzi totsekemera. Umangotengera maonekedwe ndi fungo la njuchi yaikazi, yaimuna n'kutera poganiza kuti yapeza mkazi, n'kuchoka itasenza mungu.

Mu 1862, katswiri wa zamoyo wa ku England, Charles Darwin, ataona orchid ya ku Madagascar yosunga timadzi take pansi pa kampope kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti kuyenera kuti kuli gulugufe wausiku wa lilime lotalika chomwecho. Ena anakayika. Gulugufeyo anadziwika mu 1903, patatha zaka 21 Darwin atamwalira.