Lwanga, Mbona ndi mkangano wa ku mphakati kwathu

Pa 3 June tinali ndi Misa ya amaritiri a ku Uganda, ndiye madzulo ku mphakati tikukambirana za moyo wawo agogo ena anangoti, koma Lwangayu ndi Mbona wa kwawoko eti? Eee akatekisiti anachita kuimirira pa benchi, ati agogo musasakanize za Mulungu ndi za mizimu. Nkhaniyi mpaka lero ikadali mkamwa kuno ku Nsanje, ndiye ndati ndilembeko mbiri yake.

Ku Buganda, ufumu wa ku Uganda, zinayamba mu 1885 pomwe mfumu Mwanga inalamula kuti Bishop James Hannington wa Anglican aphedwe. Joseph Mukasa, mkatolika amene amayang'anira anyamata akunyumba ya mfumu, anaidzudzula pamaso, basi pa 15 November chaka chomwecho anamudula mutu. Udindo uja anautenga Charles Lwanga. Mabuku ampingo amatsindika zoti anyamatawo amakana kugona ndi mfumuyo, pomwe akadaulo a mbiri amaonjezera kuti Mwanga amaopa kuti azungu amulanda dziko ndipo akhristu amawaona ngati akazitape awo. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinalipo, mfumu yamantha sichedwa kupsa mtima ikakanidwa ndi mwana wantchito.

Pomwe zinthu zinatembenukira ndi mu May 1886. Lwanga ataona kuti zavuta anabatiza usiku anyamata amene anali akuphunzirabe katekisimu, m'modzi mwa iwo ndi Kizito, kamnyamata ka zaka ngati 14. Kutacha mfumu inati opemphera onse aime mbali imodzi, ndipo anaimadi. Anawayendetsa ali omangidwa mpaka ku Namugongo, pa 3 June anawakulunga m'mabango nkuwayatsa moto, Lwanga yekha anamuotcha payekha pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Panalinso Mbaga Tuzinde, wa m'banja la mkulu wa opha anthuwo, anamunyengerera kuti akane chikhulupiriro apulumuke koma iye anakanitsitsa. Papa Paul VI analengeza akatolika 22 amene anaphedwa pa mazunzo amenewa kukhala oyera mu 1964, a Anglican nawo amakumbukira awo 23.

Tsono mabangowo ndi amene anawakumbutsa agogo za Mbona. Iye anali wamvula wa Amang'anja, anamuthamangitsa kuchokera kumtunda mpaka kudzamupha cha ku Ndindi, ndipo akuti mikondo ndi mipeni zimakanika mpaka iye mwini anawauza kuti amucheke ndi tsamba chabe, ena amati la bango. Magazi ake akuti anasanduka mtsinje, mutu anakauika ku Khulubvi komwe kuli kachisi mpaka pano. Za amene anatuma opha aja nkhani zimasiyana, ena amaloza mfumu Lundu, ena amati inali nsanje ya malume ake pa nkhani ya mvula. Zonsezi nzapakamwa, pomwe za Lwanga zinalembedwa mboni zidakali moyo, pamenepo akatekisiti sakunama, ndipo Mbona sanafere Khristu, mpingo sungamuike pa kalendala ya oyera.

Komatu munthu amene analemba kwambiri za Mbona ndi wansembe wachikatolika, Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort, amene anagwira ntchito kuchigwa konkuno. Iwo sanathawe Khulubvi, anakhala pansi ndi akuluakulu nkumamvetsera, ndipo anapeza kuti anthu ena amamutchula Mbona kuti Yesu wakuda. Ndiye agogo aja sanayambitse ndi iwo, makolo awo atamva za munthu wosalakwa wophedwa ndi mfumu sizinali zachilendo m'makutu mwawo.

Akatekisiti atatha kulalika agogo anangomanga chitenje chawo bwinobwino nkuti, bambo, ine korona ndimachita tsiku lililonse, mdzukulu wanga ndinamutcha Kizito ndine, ndangofunsa chabe. Kenako anayambitsa okha nyimbo yotsekera.