Maola 72: Tisawasiye Okha Amayi Othawa Kwawo

Amayi ambiri othawa nkhondo ku Congo ndi Burundi amalowera pa Songwe ku Karonga, n'kudutsa muno mu Mzuzu popita ku Dzaleka, ku Dowa. Kampu imeneyi inatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, kuposeratu chiwerengero chimene inakonzedwera. Pa ulendowu, komanso pothithikana chotero, mayi wopanda ndalama, wosamva Chichewa kapena Chitumbuka, ndi amene achiwembu amamuyang'ana. Wina amamulonjeza pogona pafupi ndi depoti, wina ganyu, kenako n'kumuuza kuti alipire ndi thupi.

Akagwiriridwa, ambiri amangokhala chete poopa kufunsidwa mapepala. Kukhala chete kumeneku n'kumene kumapweteka kwambiri, chifukwa nthawi imakhala ikutha.

Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi a pangozi oteteza kutenga mimba amagwira ntchito mkati mwa masiku 5, koma akamwedwa msanga ndi pamene amathandiza kwambiri. Mayi akagwiriridwa, pitani naye ku Chikwanekwane, ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira malo amodzi. Yambirani kuchipatala, za mlandu zibwera pambuyo. Ngati n'kotheka asasambe kaye. Zovala zimene anavala zikulungidwe m'pepala, osati mu jumbo, poti chinyezi chimawononga umboni. Ngati wasamba kale, apitebe.

Mabungwe omwe si aboma amathandiza kwambiri pamenepa. YONECO imayendetsa nambala zaulere: 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndi 116 pa nkhani za ana. Mabungwe ogwira ntchito ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, amapereka uphungu, amatsatira milandu ndi kuphunzitsa amayi ntchito zamanja kuti njala isawakankhire m'manja mwa munthu wowazunza. Kupolisi funsani za ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja ndi la 2015 loletsa kuzembetsa anthu silisankha kuti wozunzidwa ndi wa dziko liti.

Inu amayi a pamsika, a mumpingo, eni nyumba ku Chibavi kapena Mchengautuba: akakuululirani, musamufunse kuti ankafunako chiyani. Mupezereni mayi mnzake womva Chiswahili woti amumasulire, musunge chinsinsi, ndipo mumuperekeze tsiku lomwelo.